Dzino la a Mwanabibi

Pa doko la Kachulu, kuseri kwa mathandala oyanikapo matemba, panali kagolosale ka malata adzimbiri momwe a Makisoni ankagulitsa mbedza, ulusi wosokera maukonde, mchere ndi sopo. Koma ambiri amene ankafika pamenepo atagwira tsaya sankadzera mbedza. Ankalambalala khomo la golosale n'kukakhala kukhonde la kuseri, pa mpando wachitsulo umene mwendo wake umodzi unali wochirikiza ndi njerwa, n'kuyasama.

A Makisoni anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri m'chipinda cha mano pa chipatala china cha mishoni. Ntchito yawo inali yowiritsa zitsulo, kugwira mitu ya odwala ndi kukataya zam'beseni. Koma maso alibe mpanda. Anaona mano osawerengeka akuzulidwa, ndipo atapuma pantchito anabwerera kwawo ndi zozulira ziwiri zakale zimene chipatalacho chinasiya kugwiritsa ntchito, komanso dzina loti "adokotala", limene palibe amene anawapatsa ndiponso palibe amene anawalanda.

Tisawanamizire, dzanja lawo linali lopepuka. Zitsulo ankaziwiritsa mpaka madzi kutsala pang'ono kuphwa, ndipo ankasamba ndi sopo mpaka m'zigongono. Asodzi a ku chilumba cha Chisi ndi a m'zimbowera, timisasa toyandama tija ta pakati pa udzu wa m'nyanja wa njedza, ankatsika m'bwato nkhope zitapotoka ndi ululu, n'kubwerera akulavula thonje uku akuyamika. Chilema cha a Makisoni chinali m'makutu. Munthu akangoyamba kuti, "Dzinoli linayamba mwezi wa…" iwo amakhala atamudula kale: "Zimenezo ndikuzidziwa, yasamani." Kwa iwo mano onse anali a mimba imodzi. Lobooka, logwedera, lothyoka, mankhwala ake anali amodzi, kuzula.

Chaka chimenecho pa chipatala chaching'ono cha m'deralo panafika dokotala wa mano, dzina lake Dan, wongomaliza kumene maphunziro. Anthu anayamba kugawikana, ena kwa Dan, ena kukhonde kuja. Zimenezi zinawaima pakhosi a Makisoni ngati munga wa nsomba ya makumba. "Pamene ine ndinkawiritsa zitsulo," ankatero, "ameneyo anali asanamere ngakhale dzino limodzi."

Bwenzi lawo la ponda apa nane ndipondepo anali Che Amidu, mmisiri wokhoma mabwato a matabwa. Wina anali wa kutchalitchi, wina wa kumzikiti, koma kwa zaka makumi atatu mpunga wa Idi sunalephere kufika kwa a Makisoni, ndipo nkhuku ya Khirisimasi ankadzaichinja ndi Che Amidu kuti adye nawo. Akazi a Che Amidu, a Mwanabibi, ankawamba milamba n'kumakagulitsa ku Zomba, komanso anali ndi mapuloti awiri a mpunga ku sikimu ya Likangala. Anali mayi wa mawu. Akamakangana ndi asodzi m'mphepete mwa madzi, anthu a kumsika ankadziwa kuti milamba yafika.

Vuto lawo linabwera moyenda chokwawa. Kwa zaka ziwiri tsaya la kumanzere linkakula pang'onopang'ono, osapweteka, mpaka anzawo ankawaseka kuti abisa mtedza m'kamwa. Kenaka mlomo wam'munsi unayamba kuchita dzanzi. Kenaka dzino lotafunira la kumapeto linayamba kugwedera, ndipo m'mawa uliwonse ankapeza madontho a magazi pa pilo. Akaluma chinangwa chinkatuluka chofiira. Akakhala chete ankamva m'nsagwadamo mukugunda ngati chigayo cha kutali. Zonsezi akanapirira nazo, koma mwana wawo womaliza, Rabia, ankakwatiwa Lamulungu, ndipo mayiwo sanafune kukalavula magazi pamaso pa asewere awo.

Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangoumitsa mame, a Mwanabibi ndi amuna awo anafika kukhonde kuja. Pansi pa mtengo wa pafupi asodzi atatu ankasewera bawo podikira kuti mphepo ya mwera ileke.

"Alamu, lero mwandiyendera ndi tsaya," anatero a Makisoni akupukuta mpando.

"Dzino, alamu. Dzulo ndinapita kwa adokotala achinyamata aja. Atayang'ana nthawi yaitali ndiye anati…"

"Anakana kuzula."

"Eya, anakana. Akuti ndipite kaye ku Zomba akandijambule, chifukwa akukayikira kuti pansi pa dzinoli pali…"

"Mafinya. Zimenezo ndikuzidziwa. Ana a masiku ano akaona mafinya amathawira ku makina."

Che Amidu anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa buku la kuchipatala la akazi awo. "Achimwene, analembamo umu. Ine mukudziwa kuti ndimawerenga manambala a pa tepi yoyezera matabwa basi. Tawerengani kaye."

A Makisoni analandira bukulo, osalitsegula, n'kuliika pa zenera n'kulipsinja ndi sopo kuti lisauluke. "Mano sakhala m'buku, Che Amidu. Amakhala m'kamwa."

Asodzi aja anaseka, ndipo kusekako kunawakomera a Makisoni.

"Komatu anabwereza kawiri kuti wina aliyense asalikhudze," anatero Che Amidu motsitsa mawu.

"Kuti mubwererenso kwa iye. Inenso ndikanakhala ndi ofesi ndikanatero."

A Mwanabibi anali atakhala kale pa mpando. "Abambo ake a Rabia, ku Zomba kuli mizere. Mawa ajambula, mkuja atiuza za ku Blantyre, sabata yatha. Mpunga sunapite kuchigayo, zovala zili kwa telala. Alamu angozula ndipite ndikagwire ntchito."

A Makisoni anasamba m'manja n'kusuzumira m'kamwamo. Nkhama zozungulira dzinolo sizinali zofiira ngati za dzino la mafinya. Zinali zakuda ngati nthudza zakupsa. Atalikanikiza dzinolo ndi chala linatitimira pang'ono, ndipo atasiya linadzuka lokha, monga imachitira nthaka yoyandama ya m'njedza munthu akaiponda. Pansi pa chala chawo panali kugunda, kofanana ndendende ndi kwa mtima. Tsayalo linali lofunda kuposa linzake. Pa zaka zonse zimene anaima pambali pa mpando wa odwala anali asanaonepo dzino lotere, ndipo penapake m'kati mwawo mawu ang'ono anawauza kuti ichi n'chachilendo.

A Mwanabibi analankhula chala chikadali pa mlomo. "Mukukumva kugundako, alamu? Adokotala aja anaika chomvetsera chawo chija pa tsaya, ndiye anandifotokozera kuti…"

"Ndi mafinya akufuna potulukira. Yasamani bwino."

Asodzi aja anali atasiya bawo, akuonerera. Mawu oti "sindikudziwa" ndi aafupi, koma m'mawa umenewo analemera kuposa bwato lodzaza madzi, ndipo a Makisoni sanathe kuwanyamula pamaso pa anthu. Anabaya jakisoni wa dzanzi. Pobaya paja panatuluka magazi ambiri kuposa masiku onse, koma anangopukuta. Anadikira pang'ono, n'kupana dzino lija ndi chozulira. Silinalimbe n'komwe. Linazuka ngati chinangwa cha mumchenga, ndipo analiponya m'beseni n'kutembenuka kuti aonetse anthu kuti ntchito yatha.

Magazi a dzino a Makisoni ankawadziwa: amadontha, munthu n'kuluma thonje, n'kusiya. Awa sanadonthe. Anatumphuka m'dzenjemo ngati madzi a pa mjigo, motsatira kugunda kwa mtima, n'kuwathira pa malaya. Anatseka ndi thonje, thonjelo linamira. Anaika lina, lina, mpaka paketi yonse inatha. A Mwanabibi anayamba kutsamwa, ndipo amuna awo anawaweramitsa pa beseni. Besenilo linayamba kudzaza anthu akuona. Mpango wa kumutu unanyowa, chitenje chinanyowa, ndipo nkhope ya mayi wa mawu uja inasanduka ngati phulusa.

"Achimwene, chitanipo kanthu," anatero Che Amidu.

A Makisoni anangokanikizabe thonje lonyowa lija. Zonse zimene ankadziwa anali atazichita kale.

Che Amidu anatsomphola buku lija pa zenera. Zilembo sanazithe, koma m'munsi mwa tsambalo munali nambala ya foni, ndipo manambala ankawatha. Anaimba, n'kuika foniyo pa khutu la a Makisoni, popeza manja awo onse anali m'kamwa mwa wodwala.

"Ndine Makisoni wa pa doko. Ndazula dzino la mayi Mwanabibi. Magazi sakusiya."

Nambalayo inali ya Dan. Sanatukwane, sanafunse chifukwa. "Dzinolo lili kuti, bambo?"

"M'beseni."

"Litoleni, mulitsuke msanga ndi madzi owiritsa, mulibwezere m'dzenje momwe mwalichotsamo. Muike nsalu yoyera pamwamba, mukanikize ndi chala chachikulu ndi mphamvu zanu zonse, zala zinazo zigwire kunsi kwa chibwano. Musachotse kuti muone ngati asiya. Mutu ukhale choweramira kutsogolo kuti asatsamwe. Pezani galimoto, tikumana pamsewu."

"Kubwezera dzino? Zimenezo sindinazionepo."

"Dzino limenelo ndi lomwe linali chitsekero, bambo. Chitani pompano."

A Makisoni anapisa dzanja m'beseni la magazi n'kulipeza dzino lija. Analitsuka, analibwezera, anakanikiza. Kutumphuka kuja kunachepa, magazi n'kumangotsetsereka m'mbali mwa chala.

Pa siteji panali minibasi ya bambo wina, a Pearson, ikupakira madengu a matemba. Atamva, a Pearson anatsitsa madengu ndi eni ake omwe, n'kubwerera chambuyo mpaka pa golosale. Asodzi aja anawanyamula a Mwanabibi, a Makisoni akuyenda cham'mbali ngati nkhanu kuti chala chisasunthe. Asanapite patali anakumana ndi Dan pa njinga yamoto. Dan anaisiya pa nyumba ya munthu, n'kukwera, n'kubaya diripi pa mkono wa wodwalayo galimoto ikuyenda, botolo n'kulimangirira ku chitsulo cha kudenga.

Msewu wa ku Kachulu ndi wa fumbi ndi mabampu, ndipo bampu lililonse linkafinya magazi ena m'mbali mwa nsalu. Chala cha a Makisoni chinayamba kupweteka, kenaka chinachita dzanzi, kenaka ululu unakwera mkono mpaka paphewa. Mano a wodwalayo ankawaluma galimoto ikadumpha. Koma chowawa kuposa zonse chinali choti nkhope ya a Mwanabibi inali pafupi ndi yawo, ndipo maso awo ankawayang'ana osaphethira. Panalibe kwina koyang'ana. Kumbuyo Che Amidu anawagwira akazi awo mapewa, milomo ikuyenda ndi mapemphero a chamumtima.

Atadutsa pa Govala, maso aja anayamba kutsinzina, khosi n'kulefuka.

"Alankhuleni, bambo, asagone," anatero Dan akufinya botolo la diripi.

A Makisoni, amene mawu sankawathera, anafufuza m'mutu monse osapeza kanthu. Potsiriza anati, "Alamu, Rabia akukudikirani." Anabwereza mawu omwewo, ngati munthu wodziwa nyimbo imodzi, mpaka matayala anagunda tala.

Ku chipatala chachikulu cha ku Zomba analowa nawo mpaka pa khomo la chipinda cha opaleshoni, pomwe namwino analowetsa chala chake m'malo mwa cha a Makisoni. Chala chawocho chinakana kupindika. Chinali chotuwa, chili ndi zipsera za mano. Anakhala pa benchi ndi malaya ouma gwa ndi magazi a mkazi wa mnzawo. Achipatala atanena kuti pakufunika magazi, Che Amidu, a Pearson ndi a Makisoni anapita kukapereka, ndipo pobwerera Che Amidu anakhala kumapeto ena a benchi.

Dzuwa litapendeka kunatuluka dokotala wamkulu, mayi wa imvi za m'mbali, atanyamula chithunzi cha mafupa. Anachikweza pa kuwala kwa zenera.

"Taletsa magazi pakadali pano, ndipo tawaika ena. Ali moyo. Tsopano taonani apa. Fupa la nsagwada limayenera kuoneka loyera, lothithikana, ngati mbali iyi. Koma mbali iyi muli timabowotimabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo m'timabowo monsemo muli magazi. Ichi ndi chotupa cha mitsempha ya magazi chomera m'kati mwa fupa. Si khansa, ndipo sichisamukira kwina m'thupi. Chimangokula mwakachetechete n'kumadya fupa. Sichionekaoneka. Ine pa ntchito yanga yonse aka n'kachiwiri kuchiona. Mizu ya dzino lija inali italowa m'dziwe limeneli."

"Ndiye kuti chabwera chifukwa cha kuzulako?" anafunsa Che Amidu.

"Ayi, bambo. Chinalipo kalekale, ndipo opaleshoni ikanafunikabe. Kusiyana kwake n'koti akanabwera dzino lili m'malo mwake, tikanakonzekera. Magazi akanakhala pafupi, mitsempha yodyetsa chotupacho ikanatsekedwa kaye, tsiku tikanasankha tokha, ngakhale kudikira sabata ziwiri zitatu. Pano tikuzimitsa moto umene wagwira kale denga. Mawa m'mamawa apita ku Blantyre." Anatsitsa chithunzi chija. "Anazula ndani?"

Che Amidu anayang'ana pansi. Dan anayang'ana kukhoma. Palibe amene akanawaulula.

"Ndine," anatero a Makisoni.

"Buku lawo munaliona?"

"Ndinaliona."

"Munaliwerenga?"

"Ayi."

Dokotalayo anatsegula bukulo n'kuwapatsa. Pamwamba panali zachingerezi za achipatala. Pansi pake Dan anali atalemba m'Chinyanja, ndi zilembo zikuluzikulu, atadula mzere kunsi: OSAZULA DZINO ILI. MAGAZI AKE SANGALETSEKE. A Makisoni anawerenga kawiri. Mawu asanu ndi limodzi okha, ndipo anali atawapsinja ndi sopo pa zenera lawo lomwe.

Ku Blantyre a Mwanabibi analowa m'chipinda cha opaleshoni kawiri. Koyamba anamanga mitsempha ya m'khosi imene inkathira magazi m'chotupacho. Kachiwiri, thupi litapezako mphamvu, anadula chigawo cha nsagwada chotalika ngati chala pamodzi ndi mano anayi, n'kulumikiza ndi kachitsulo. Magazi amene anataya tsiku loyamba lija anawafooketsa kwambiri, mwakuti bala linachedwa kupola, ndipo anagona m'chipatala sabata zisanu ndi ziwiri. Ukwati sunadikire, chifukwa mkwati ankagwira ntchito ku Joni ndipo tchuthi chake chinali chitatsala masiku owerengeka. Anaumanga ku mzikiti Lamulungu lomwelo, popanda nyimbo, popanda nthungululu, mayi wa mkwatibwi ali gone ndi paipi m'mphuno.

Ku Kachulu nkhani inayenda msanga kuposa mwera. Akuluakulu a zaumoyo anabwera, analankhula ndi a Makisoni mawu olimba, n'kunyamula zozulira zija. Iwo sanatsutse. Dzina loti "adokotala" linafota lokha, ndipo ena amene kale ankayamika anayamba kukumbukira kuti nawonso dzino lawo linatupa atazulidwa. Che Amidu ankabwera apo ndi apo kuchokera ku Blantyre kudzamaliza bwato limene analisiya pakati. Akadutsa pa golosale ankapereka moni wa patali, "Mwaswera, a Makisoni," osaima. Mawu oti "achimwene" anali atagwera m'madzi. Akanawatukwana bwenzi zitapepuka, koma ulemu wozizirawo unkawadya a Makisoni ngati chiswe.

Tsiku lina a Makisoni anavala jekete n'kupita ku chipatala chaching'ono chija. Anakhala pa mzere ngati wodwala aliyense, ndipo nthawi yawo itakwana analowa n'kuvula chipewa.

"Ndabwera kudzafunsa, adokotala. Munadziwa bwanji?"

Dan anawapatsa mpando. "Sindinadziwe motsimikiza, bambo. Chinthu chimenechi ndinangochimva m'kalasi tsiku limodzi. Koma dzino logwedera lopanda bowo, nkhama zakuda, tsaya logunda, sizinagwirizane ndi chilichonse chimene ndinazolowera. Ndinaona kuti apa pandipitirira, ndiye ndinati akaone amene ali ndi makina."

"Inenso ndinaona zomwezo," anatero a Makisoni. "Chala changa chinamva kugundako."

"Ndiye kuti dzanja lanu silinaname."

A Makisoni anapukusa mutu. Dzanja silinaname, inde. Ananama ndi mwini dzanja.

A Mwanabibi anabwerera kwawo mpunga wa ku Likangala utakololedwa kale ndi achibale. A Makisoni anadikira masiku atatu kuti alendo achepe, kenaka ananyamuka masana, njira yonse akukonza mawu opepesera. Anawapeza atakhala pa mkeka pakhonde, ataonda, chipsera chitayenda kuchokera kunsi kwa khutu mpaka pa chibwano, pakamwa patakokekera mbali imodzi. M'manja anali ndi kansalu kopukutira malovu. Che Amidu anali pambali akusema chogwirira cha nyundo, ndipo sanadzutse mutu.

Atapereka moni, a Makisoni anayamba. "Alamu, ine ndikudziwa mmene mukumvera mumtima mwanu, ndipo ndikudziwa kuti…"

A Mwanabibi anakweza dzanja. Mawu awo anatuluka pang'onopang'ono, olemera, ngati a munthu amene ali ndi mwala m'kamwa.

"Mukudziwanso?"

A Makisoni anatseka pakamwa.

"Khalani pansi, alamu. Ine polankhula pano ndimachedwa. Koma lero mumva mpaka ndimalize."

Anakhala pa njerwa ya pakhonde. Ndipo a Mwanabibi anayamba kuyambira pachiyambi penipeni. Anafotokoza za chaka chimene tsaya linayamba kukula, za dzanzi la pa mlomo, za magazi a pa pilo amene ankawabisira amuna awo. Anafotokoza zimene Dan anawauza Lolemba lija, mawu ndi mawu, mmene anajambulira nsagwada pa pepala n'kuwaonetsa kuti pansi pa dzino pakhoza kukhala magazi ambiri. Anafotokoza za m'minibasi, kuti ankamva zonse, ndipo ankaganiza kuti afera pa mpando wonunkha matemba. Anafotokoza za phala lodyera m'mphuno, za tsiku limene anadziona koyamba pa galasi, za Lamulungu lija pamene namwino anawaikira foni pa khutu kuti amve mwana wawo akulira, iwo osatha kumuyankha ngakhale liwu limodzi. Rabia anapita ku Joni osamva malangizo a mayi ake.

Ankaima kawirikawiri kuti apukute pakamwa ndi kupuma. Pa mipata imeneyo mawu ankawafika a Makisoni pa lilime, ena odziteteza, ena omalizitsa chiganizo chimene ankaona kumene chikupita. Kangapo konse milomo yawo inatseguka, n'kutsekekanso. Mthunzi wa nyumba unasuntha kuchoka pa mapazi awo mpaka pa nkhokwe. Che Amidu anali atasiya kusema.

"Chotsiriza ndi ichi," anatero a Mwanabibi. "Ine sindine mwana. Zimene anandiuza adokotala aja ndinazimva bwinobwino. Ndinabwera kwa inu chifukwa ndinkadziwa kuti inu mundiuza zimene mtima wanga unkafuna. Mbali imeneyo ndi yanga, ndipo ndayenda nayo pankhope. Koma ine ndinali wodwala, wamantha, wothamangira ukwati. Inu munali ndi buku m'manja. Chala chanu chinandifikitsa ku Zomba, sindikana. Koma mukanandipatsa khutu lokha, chala chikanapuma."

 Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutolatola.

"Mwamaliza, alamu?" anafunsa a Makisoni.

"Ndamaliza."

"Ndinalakwa. Dzino lija sindinalidziwe, ndipo ndinachita manyazi kunena."

 A Mwanabibi anawayang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu kamodzi. Che Amidu anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpando wa ndalema umene ankakhalira alendo. Anauika pafupi ndi wawo.

"Chokani pa njerwapo, achimwene," anatero. "Mudetsa buluku."

Ubwenzi wawo unabwerera, ngakhale kuti unkatsimphina ngati mwendo umene unathyokapo. A Mwanabibi anayambanso kuwamba milamba, koma mawu awo sanafikenso kumsika, ndipo pa doko ankagula nsomba poloza ndi chala. A Makisoni anatsala ndi mbedza zawo, ulusi, mchere ndi sopo, ndipo tsiku lililonse ankawaona mlamu wawo akudutsa ndi dengu pamutu, mpango utakokedwa kuphimba tsaya.

Luso la a Makisoni silinali labodza, ndipo mano mazanamazana amene anazula bwino ndi mboni. Chimene chinawagwetsa n'choti nzeru zawo anazimangira khoma mbali zonse zinayi, osasiya polowera mawu a munthu wina, kaya a dokotala wachinyamata, kaya a bwenzi, kaya a mwini dzino. Tsiku limene chachilendo chinafika, m'nyumba imeneyo munalibe polowera chenjezo, ndipo moto utabuka munalibenso potulukira. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.